Ndinakawanenera Mayi Anga kwa Adokotala a Kafukufuku

1

Mayi anga anayamba kuimba m'bafa. Nkhani yonse inayambira pamenepo.

Mwina mukuti chachilendo n'chiyani. Simuwadziwa masteni anga inu. Chimwalirireni bambo, ine ndili folomu wanu, m'nyumba mwathu munkamveka zinthu ziwiri basi: makina osokera, ndi mawu oti "tseka chitseko". Mayi ndi telala, amasoka mayunifolomu a ana asukulu pabalaza pathu pomwepo. Juzi yawo inali imodzi, yabulawuni, mapini ali ndandanda pachifuwa. Kuseka ankaseka, koma kwa m'mphuno, kamodzi, n'kubwereranso ku ulusi.

Ine ndimaluka tsitsi pa saluni. Ndipo nthawi imeneyo ndinali pafupi kukwatiwa. Mnyamata wake amakonza mafoni, aliyense amangomuti Chaja.

Chaja analibe vuto. Vuto anali madala ake. Bambo amenewo anaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto moyo wawo wonse, mpaka dzina linangosanduka a Buleki. Akazi awo anamwalira kalekale, ndiye ankakhala awiriwiri ndi Chaja ngati ku kampu ya asilikali. Tsiku limene anakandionetsa, anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuwigi, n'kunena kuti:

"Penti ndi wabwino. Koma ine sindiweruza galimoto ndisanaone kumene inapangidwa. Ndikumane ndi mayi ako."

Tinagwirizana kuti makolo akumane kumapeto kwa mwezi. Tikutuluka, Chaja anandinong'oneza.

"Bae, siriyasi. Madala akangoona chinthu chokhota pang'ono, ukwatiwu auponda buleki. Amayang'ana ngakhale kagwiridwe ka supuni."

Ndinati asadandaule. Mayi anga ndi owongoka ngati msoko wawo womwe.

2

Za kafukufuku mayi anazimva kuchipatala kumene amakatenga mankhwala a bipi. Ankafuna anthu achikulire. Tsiku lobaya ndinawaperekeza.

Anesi ake anali mayi wa magalasi, woyankhula pang'onopang'ono ngati akuwerengera ana nkhani.

"Pali akatemera awiri. Wina wa chibayo, wina wa kafumbata. Onse ndi odziwika kale, anthu amabayitsa. Chimene tikufuna kudziwa n'chakuti, tikawapereka tsiku limodzi, wina mkono uwu wina mkono uwo, thupi liwalandira bwino? Chitetezo chipangika mofanana ndi pamene tawapereka padera? Ngati zili bwino, achikulire sadzavutikanso n'kubwera maulendo awiri."

"Ndiye ine mundibaya onse awiri lero?" anafunsa mayi.

"Aliyense tim'baya mikono yonse. Koma kwa ena, jakisoni mmodzi ndi madzi amchere chabe, katemera wake adzalandira ulendo wina. Imasankha ndi kompyuta. Inu simudziwa, ine sindidziwa, adokotalanso sadziwa."

Anawapatsa kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, karula koyezera chotupa, ndi nambala ya foni. Kenako anandiyang'ana ineyo pamwamba pa magalasi.

"Mukaona chachilendo chilichonse, ngakhale chioneke chopusa, imbani. Ife kuno sitiseka."

Mawu amenewo ndinawasunga. Zina zonse zinandidutsa, chifukwa kasitomala ankangondiimbira kuti wafika pa saluni ndi meshi yake. Lamulo lawo n'lakuti munthu akabayidwa azikhala kaye pabenchi kwa kanthawi, amuone ngati sakugwa. Mayi anandiona ndikusuntha-suntha.

"Pita iwe. Ukungovina pampando ngati wakhalira singano."

Ndinapita. Masana anafika kunyumba mikono yonse ili lende. Duku lomangidwa mfundo yachilendo, pamphumi penipeni, yolimba ngati amanga katundu pa lole.

"Mayi, dukuli wakumangani ndani?"

"Mikono sikukwera. Ndinapempha munthu."

Sindinafunsenso. Ndinali pa foni.

3

Mikono inapola msanga. Chotupa chinali kakang'ono ngati batani la malaya, thupi silinatenthe. Ndinati basi, zatha bho.

Kenako kuimba kuja. Osati nyimbo za kutchalitchi ayi. Nyimbo zakalekale zija, za magitala olira, zoti wokondedwa dikira.

Lipusitiki wanga wofiira anasowa. Ndinam'peza m'kabati ya makina, pakati pa zipi ndi choko. Juzi yabulawuni inapita pansi pa bedi. Chakudya ankangochitosa. Ulusi unayamba kutha tsiku ndi tsiku.

"Ndikukagula ulusi."

"Mayi, dzulo munagula."

"Unali wa buluu wina. Ndikufuna buluu winawo."

Ndinatsegula dirowa: ulusi wa buluu wokwana kusoka thambo lonse.

Tsiku lina ndikudya anandibweretsera foni.

"Iwe, kamtima kofiira kaja amakapeza pati?"

"Mukufuna mutumizire ndani?"

"Kasitomala."

"Kasitomala wa yunifolomu?"

"Ndi waulemu kwambiri."

Ndikudziwa, mukuseka. Inu mwaona kale kumene ikupita. Koma awa ndi mayi anga, guys. Munthu suganizira mayi ako zimenezo. Mayi amaphika, amakalipa, amadwala bondo. Basi.

Chimene chinandithetsa nzeru ndi kabudula. Mayi wina anabweza kabudula wa mwana wake atakwiya, miyendo yonse iwiri yosokedwa kumunsi ngati pilo. Masteni, amene sanalakwitsepo msoko chibadwire changa, anamukweza m'mwamba kabudulayo n'kuseka mpaka misozi, mpaka kugwira khoma.

Ndinalowa pa intaneti. Musamalowe pa intaneti muli ndi mantha. Ndisanamalize n'komwe tiyi, ndinali nditatsimikiza kuti ubongo wa mayi watupa. Akatemera awiri akumana m'mutu, akumenyana.

Ndipo tsiku la a Buleki linkayandikira. Ndinkangoona chithunzi chake: mayi atapaka lipusitiki wanga, akuimba wokondedwa dikira pamaso pa bambo owerenga masupuni. Chaja sindinamuuze kanthu. Ndikanayamba bwanji? Komanso iyeyo anali atasintha, mameseji afupiafupi, maso ofiira.

"Bae, tsiku lija tingalisunthe pang'ono?"

"Chifukwa?"

"Madala ali bize."

Munthu wopuma pantchito, bize. Ndinati wamva. Winawake wawaona mayi pamsewu akuseka okha, wamuuza.

4

Ndinaimba ndili m'kachipinda ka mataulo kuseri kwa saluni, dirayala ikulira kuti anzanga asamve.

"Anesi, munati chilichonse chachilendo."

"Eya, ndikumva. Akutentha thupi?"

"Ayi."

"Kutupa? Kusanza? Kubanika?"

"Akuimba."

Koma zoona, sanaseke.

"Akuimba. Chinanso?"

Ndinakhuthula zonse. Kusadya, kuseka okha, kuyendayenda, kuiwala ntchito, kabudula. Ndinkamva akulemba.

"Zayamba liti?"

"Atangobayidwa."

"Akusamba kangati patsiku?"

Funso limeneli linandidabwitsa. "Kawiri. Pena katatu. Mwadziwa bwanji?"

Ndinangomva atatseka foni ndi dzanja, koma osatseka bwino, akuuza munthu wina chapansipansi: "Adokotala, winanso."

Winanso!

"Mubwere nawo mawa m'mawa, mwanawe. Musachite mantha, koma musalephere."

Nditawauza mayi, phazi linaima pa chopondera cha makina.

"Wachita chiyani?"

"Ndawaimbira a kafukufuku. Mayi, simuli bwino."

"Ine sindili bwino?"

"Si inu nokha. Aliponso wina."

Kenako anatola foni yawo, n'kulowa kuchipinda, n'kukhoma. Ndinamva akunong'ona. Ndinati mwaona, ayamba kuyankhula okha.

5

M'mawa mwake tinalowa m'kakhonde ka kafukufuku. Benchi lalitali, khoma lobiriwira, chithunzi cha mapapo, fungo la sipiriti.

Pabenchipo panali Chaja.

Pambali pake a Buleki. Malaya apinki. Apinki, anthuni! Ndevu zometedwa bwino, tsitsi lopakidwa lakuda bii, pefyumu woti ntchentche ikadutsa ikomoka.

"Bae! Ukutani kuno?"

"Dzino. Mayi dzino likuwawa. Iwe?"

"Maso. Madala maso."

Tonse tinayang'ana chikwangwani cha pachitseko, cholembedwa za katemera zilembo zikuluzikulu.

Ndinalimba mtima. Zavuta kale.

"Bambo, awa ndi mayi anga. Mayi, awa ndi bambo ake a Chaja."

"Mwadzuka bwanji, mayi," anatero a Buleki, akuuza chithunzi cha mapapo.

"Ndadzuka bwino, kaya inu, bambo," anayankha mayi, akuuza denga.

Anakakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, chikwama pamiyendo. Ndinati basi, sanakondane. Bambowa aona lipusitiki, ukwati watha.

Chaja anandikokera pakona.

"Ok, si maso. Bae, madala azungulira mutu. Anabayitsa akatemera awiri aja osandiuza. Pano akuimba mluzu. Agula maluwa apulasitiki. Dzana ndinawapeza akuphunzira kuvina ndi tsache. Ndinaimba kuno, ndamva kuti pali winanso, koma ndimaopa kukuuza, ndimati undithawa."

"Winanso uja ndiwe?"

"Winanso uja ndiwe?"

Tinafunsana nthawi imodzi, n'kugwirana manja ngati pamaliro. Makolo athu onse awiri, matenda amodzi. Ndipo I swear, ngakhale pamenepo sitinaganize kanthu. Anthu awiri okhala ndi mafoni apamwamba, nzeru ziro.

6

Anayamba kuitana mayi. Ndinalowa nawo. Adokotala anali mtsikana wamng'ono thupi, bolopeni m'tsitsi, nkhope yoti sanadye bwino chiyambireni sabata.

Anawaunika m'maso. Anawagogoda mawondo. Anawauza ayende pamzere, agwire mphuno atatsinzina, atchule miyezi chobwerera m'mbuyo. Mayi anakhoza zonse, mpaka kuwakonza adokotala pamene anadumpha mwezi umodzi.

"Amayi, m'thupi sindikupezamo kanthu. Koma mwana wanu akuti mwasintha."

"Mwanayu amaonjeza."

"Kabudula, mayi!"

"Khala chete iwe."

Adokotala anachotsa bolopeni m'tsitsi, n'kuibwezeranso.

"Ndikuuzeni mmene timagwirira ntchito. Munthu mmodzi akasintha khalidwe atabayidwa, timalemba, timatsatira. Koma zikafanana kwa anthu oposa mmodzi, obayidwa nthawi imodzi, sitingangozisiya. Ndikapanda kupeza chifukwa chake, lero lomwe ndiuza komiti yoyang'anira chitetezo. Iwowo akhoza kutiuza tiyambe taima kubaya aliyense mpaka zidziwike. Inuyo tikutumizani akakujambuleni m'mutu. Mwina n'kutenganso madzi a pamsana."

"Pamsana?"

"Ndi jakisoni wamtali ndithu."

"Ndipo winayo mum'bayanso pamsana?"

"Za munthu wina sindingakambe nanu."

Mayi anayang'ana pansi. Anakonza chikwama. Kenako anati, ngati akudziyankhulira:

"Ameneyo sangapirire. Wa pamkono womwe analira."

Anaimirira, n'kutsegula chitseko, n'kusuzumira m'khonde.

"Inu. Talowani. Zatikanika."

Inu! Mawu ake ofewa ngati thonje. Sindinawamvepo mayi akuitana munthu chonchi.

A Buleki analowa chipewa chili m'manja, Chaja pambuyo pawo kukamwa kuli yasa. Adokotala anaimirira kuti aletse, koma mayi anakweza dzanja.

"Asiyeni, ndawaitana ndine. Matenda athu ndi amodzi, ndipo si a katemera wanu."

A Buleki anatsokomola.

"Adokotala, ine jakisoni ndimamuopa chibadwire. Tsiku lija ndili pamzere, thukuta lili kamukamu, mayiwa anati, gwirani dzanja langa. Ndinagwira. Kukanakhala kubaya kumodzi, bwenzi nditathokoza n'kumapita. Koma munabaya kawiri."

"Anandifinya mpaka mphete inalowa m'chala," anatero mayi.

"Ndiye mwatikhazika pabenchi. Mikono yonse yauma. Ine jekete sindingavale, iwowa duku lagwa sangamange. Anandiveka, ndinawamanga."

"Ngati katundu wa pa lole," ndinatero ine, mawu akutuluka okha.

"Mfundo imeneyo simasuka, mwanawe."

Anesi a magalasi aja, amene anati kuno sitiseka, anatuluka liwiro atagwira pakamwa. Tinawamva m'khonde monse.

Adokotala anakhala pansi pang'onopang'ono. Anafunsabe mafunso awo onse, limodzilimodzi, anawayezanso a Buleki, chifukwa akuti lipoti likatsegulidwa liyenera kutsekedwa mwadongosolo. Pomaliza anapumira m'mwamba.

"Ndilemba kuti sizikukhudzana ndi katemera. Chifukwa chake ndichifotokoza bwanji kwa akuluakulu, ndiona ndekha."

7

Panja, pansi pa mtengo poimika njinga, Chaja ankaseka mpaka kukhala pansi. Ine sindinaseke.

"Munadziwa liti kuti ndi bambo ake?"

"Mochedwa," anatero mayi. "Anandionetsa chithunzi, akuti onani kamtsikana kamene kakufuna kunditengera mwana. Ndinati kamtsikanako ndinabereka ndine."

"Ndiye simunasiye?"

"Tinasiya. Tsiku lonse lathunthu."

"Mayi! Inu mukakwatiwa ndi awa, ine ndi Chaja tikhala chiyani? Anthu atiti chiyani? Pa saluni ndikalowa bwanji?"

"Mlongo wanga, mtima pansi," anatero Chaja.

Ndinam'menya ndi chikwama. Siriyasi, ndinam'menya.

Mayi anafufuta lipusitiki ndi kuseri kwa dzanja.

"Wanena zoona. Nthawi ndi yanu anawe. Ife yathu tinadya kale." Anatembenukira kwa a Buleki. "Bambo, tidzaonana pa ukwati wa ana."

A Buleki anavala chipewa, n'kuchivulanso, n'kuchivalanso.

Ndinapambana. Ukwati wanga unali pabwino. A Buleki anavomera zonse, sanayang'anenso supuni ya munthu.

Ndipo kunyumba kunabwerera makina ndi "tseka chitseko". Juzi yabulawuni inatuluka pansi pa bedi. Mayi anayamba kusoka diresi langa la ukwati, msoko uliwonse wowongoka, osalakwitsa pena paliponse.

Tsiku loyesa diresi ndinaima pampando, iwo atagwada pansi, mapini kukamwa, akupinda m'munsi. Ndinawayang'ana pamutu. Imvi. Zambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Ndiye zinangondifikira: mwezi wamawa ine ndikusamuka. Chitseko chija adzauza ndani kuti atseke?

"Mayi."

"Usagwedezeke."

"Akuti madala a Chaja sakudya."

Pini inagwa. Anaitola.

"Si nkhani yanga."

"Akuti maluwa apulasitiki aja akumawathirira madzi."

Mapewa anayamba kugwedezeka. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, mwina zonse. Ndinatsika pampando ndi diresi la mapini lomwelo, likundibaya paliponse, ndinatola foni yawo, n'kuwaika m'manja.

"Imbani. Koma pali malamulo. Ukwati wanga uyambe. Ndipo munthu aliyense akadzamutchula Chaja kuti mchimwene wanga, ndidzasamuka dziko."

"Anthu adzanena, mwanawe."

"Anthu ndimawaluka tsitsi ine. Amanena ngakhale palibe nkhani."

Anaimba. Sinaitane n'komwe kawiri.

8

Wanga unayamba, wawo unatsatira. Anthu ananena, eya, ananena mpaka malovu kuuma, kenako mkazi wa wogulitsa nyama anathawa ndi wokonza mipope, n'kutiiwala. Kafukufuku anapitirira osaima. Onse awiri anamaliza maulendo awo, magazi anaperekanso, a Buleki akulira ulendo uliwonse. Mpaka lero sakudziwa amene analandira akatemera onse tsiku limodzi ndi amene anayamba ndi madzi amchere. Amakangana za zimenezo pa tiyi.

Inu owerenga, makamaka anzanga amene makolo anu ali m'kafukufuku kapena angobayitsa katemera: mukaona chachilendo, imbani ndithu. Pa zimenezo sindikupepesa. Anthu aja anatenga nkhani yanga yopusa n'kuifufuza ngati moyo wa munthu, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Kungoti musanaimbe, khalani kaye pansi, foni muitembenuze chafufumimba, muwafunse masteni kuti, "Kodi chikukusangalatsani n'chiyani?" Ine funso limenelo sindinaliganizire n'komwe. Ndinkadziwa nambala ya bipi yawo, koma sindinkadziwa kuti amasungulumwa.

Koma pali chinthu chimodzi chimene palibe anandichenjeza, ndipo mundithandize maganizo.

Sabata yatha tinayambana ndi Chaja, mkangano woyamba wa m'banja, nkhani yake ya masokosi. Ndinalongedza chikwama mwa sitayilo, ndinamenyetsa chitseko. "Ndikupita kwa mayi anga!"

Ndinakwera basi, ndinalira pang'ono pawindo kuti zikome. Ndikufika, ndikutsegula chitseko, Chaja ali phee pa sofa, mapazi patebulo, kapu ya tiyi m'manja. Anadzera njira yachidule pa njinga.

"Ukutani kuno?"

"Ndabwera kwa bambo anga."

Kukhitchini, anthu awiri achikulire ankanamizira kutsuka mbale imodzi.